Thupi losadziwika likapezeka: mmene katundu wa malemu angakufikitsireni kwa abale ake

Ku Kasungu munthu akhoza kumwalira popanda womudziwa pafupi. Matenanti a m'maesiteti a fodya ambiri amachokera m'maboma akutali, ndipo kwawo sayembekezera kuwaona mpaka fodya atagulitsidwa. Msewu wa M1 umadutsa anthu a maulendo ataliatali, paki ya Kasungu yachita malire ndi Zambia, ndipo m'dzinja mitsinje ya Bua ndi Dwangwa imatha kukokolola munthu kumtunda n'kukamutula m'dera la mfumu ina. Thupi likagona patchire masiku atatu kapena anayi kutentha kwa Okutobala, nkhope imatupa n'kusintha moti ngakhale mbale wake weniweni akhoza kulakwitsa. Zimene zimatsala zili bwinobwino ndi zovala ndi za m'matumba. Malangizo awa ndi a apolisi a m'mayunitsi a kumidzi, a chitetezo cha m'mudzi, mafumu, azachipatala ndi ogwira ntchito ku nyumba ya chisoni.

Ndondomeko yozindikirira mitembo ya Interpol, bungwe la apolisi a mayiko osiyanasiyana, imagawa umboni pawiri. Wodalirika pawokha ndi wa mitundu itatu: zidindo za zala, mano, ndi DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene munthu amatengera kwa makolo ake. Zovala, foni, makiyi, ziphaso ndi zina zotere zili m'gulu lachiwiri, longothandizira. Aliyense wokhala kumudzi akudziwa chifukwa chake. Jekete amabwerekana, foni amagulitsana pamsika, chiphaso cha unzika cha agogo chimayenda m'thumba mwa mdzukulu, ndipo chigawenga chikhoza kusiya dala katundu wa munthu wina pa thupi. Komabe DNA ndi mano sizitchula dzina pazokha, zimafuna choyerekezera nacho, ndipo choyerekezeracho chili kwa abale amene simunawadziwe. Katundu ndi amene amakuuzani khomo loti mukagogode.

Pamalo pamene thupi lapezeka

Umboni wambiri umawonongeka apolisi asanafike, ndipo owononga ake kawirikawiri ndi anthu achifundo. Wina amavundukula matumba kufuna chiphaso, wina amatolera nsapato, chipewa ndi chikwama zomwe zinali patalipatali n'kuziunjika pambali pa malemu, mayi wina amavula chitenje chake n'kufunditsa thupi. Ngati zimenezi zachitika kale, musakalipe, chifukwa wokalipiridwa amabisa. Funsani modekha kuti anagwira chiyani, anachichotsa pati, ndipo lembani dzina la mwini chitenjecho, kuti mawa chisadzalengezedwe pa wailesi ngati cha malemu. Kenako zungulizani chingwe mamita 20 kapena 30 kuchokera pa thupi ngati malo alola, musiye njira imodzi yokha yolowera ndi kutulukira.

Thupi lipatseni nambala imodzi, yolembedwa pa kapulasitiki kosafufutika ndi madzi, n'kumangirira ku mwendo kapena ku dzanja. Chinthu chilichonse chitenge nambala yomweyo ndi kanambala kake kotsatira: 1, 2, 3. Polemba, siyanitsani zinthu zimene zavalidwa kapena zili m'matumba, zimene zagundana ndi thupi, ndi zimene zili patali. Kusiyanitsa kumeneku sikongokometsa lipoti. Amene walemba kuti "malemu anali ndi chikwama chakuda" pamene chikwamacho chinali mamita 8 kuchokera pa thupi, wapatsa chikwama mwini amene mwina si wake. Mumtsinje vutoli limakula, chifukwa madzi osefukira amaunjika zinyalala za midzi khumi pa chitsa chimodzi, ndipo pa ngozi ya galimoto katundu wa okwera amasakanikirana. Patapata wopezeka pa bango limodzi ndi thupi alembedwe kuti ndi wapafupi, osati wake.

Chinthu chisananyamulidwe chijambulidwe katatu: chithunzi cha patali choonetsa malo onse, cha pakatikati choonetsa chinthucho ndi thupi, ndi cha pafupi chokhala ndi lula pambali ndi nambala yake. Jambulaninso mapu a pamanja, muyeze mtunda kuchokera pa zinthu ziwiri zosasuntha monga mtengo waukulu, chulu kapena mlatho.

Ngati apezeka ndi mafupa okhaokha, malo ofufuza akule. Afisi ndi agalu amakoka ziwalo pamodzi ndi nsanza mtunda wa mamita mazana, ndipo mvula imatsitsira tinthu topepuka kumunsi, choncho tsatirani tinjira ta nyama ndi ngalande za madzi. Mafupa akachotsedwa, palani dothi la pansi pake kuya kwa masentimita 10, mulisefe pa sefa yoyera ya mabowo a mamilimita pafupifupi 5, ngati yosefera mchenga ija. M'sefa ndi mmene mumatsala mabatani, mikanda, ndalama zachitsulo, SIM khadi ndi mano. Mano akutsogolo amagweruka msanga chifukwa ali ndi muzu umodzi, ndiye chibade chikaoneka ndi mipata musafulumire kulemba kuti malemu anali wagweru, onani kaye m'dothi.

Kuvula ndi kupisa m'matumba

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri, wina wogwira atavala magolovesi, wina wolemba amene sagwira kanthu. Ichitikire ku nyumba ya chisoni ngati n'kotheka, pa nsalu kapena pepala loyera, kuti kanthu kakagwa kaoneke. Musalowetse dzanja m'thumba mwachimbulimbuli, mumakhala malezala ndi singano. Litembenuzeni pang'onopang'ono, thumba limodzi panthawi, n'kulemba kuti chakuti chatuluka m'thumba lakumanja lakumbuyo.

Malo amene amaiwalika ndi awa: kathumba kakang'ono ka jinzi, m'masokosi, pansi pa kapepala ka m'kati mwa nsapato, m'kamisolo, pa mfundo ya pakona ya chitenje pamene amayi amamangapo ndalama, m'mphepete mwa chipewa, ndi kuseri kwa kava ya foni, kumene ambiri amabisako chiphaso, SIM yachiwiri kapena kapepala ka manambala. Papasaninso mpendero wa m'chiuno mwa thalauzi. Anthu a maulendo obisika ochokera kumpoto chakum'mawa kwa Africa kuno, amene amadutsa dziko lino kupita ku South Africa, amatha kusokerera ndalama ndi manambala a foni m'mipendero. Kuti anthu otere amathera m'nkhalango zathu si nkhambakamwa, manda a anthu ambirimbiri oganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022.

Chovala chikakana kuvuka, chidulidwe motsata msoko, kutali ndi bowo kapena kung'ambika kulikonse, chifukwa bowo limenelo mwina ndi la mpeni kapena chipolopolo ndipo dokotala afuna kuliyerekeza ndi bala. Chingwe chilichonse cha pa thupi musamasule mfundo yake, dulani patali ndi mfundo.

Lembani zimene maso akuona, osati zimene mukuganiza. Mphete ndi "yachitsulo chachikasu", osati ya golide. Mukalemba golide, banja limene likudziwa kuti mayi awo anali ndi mphete ya pamsika lidzati si iwo, komanso tsiku lobweza katundu mudzafunsidwa kumene golide wapita. Mtundu wa chovala nawo umanyenga. Madzi otuluka m'thupi lowola amadetsa nsalu yoyera kukhala yofiirira, dzuwa limachucha yabuluu kukhala yotuwa. Mtundu weniweni muupeza m'kati mwa mpendero, pansi pa kolala kapena m'kati mwa thumba. Ndalama ziwerengedwe pamaso pa mboni, pepala lililonse ndi mtengo wake, onse awiri asaine.

Chovala chonyowa chikatsekeredwa m'jumbo chimachita chuku m'masiku ochepa, ndipo chuku chimawononga DNA ndi kufufuta zolemba. Jumbo ndi yonyamulira kuchoka kutchire basi, maola ochepa. Mukafika, yanikani pamthunzi m'chipinda chokiyidwa chopita mphepo, chovala chilichonse pachokha, pansi mutayala pepala loyera loti ligwire tinthu togwa. Padzuwa kapena pamoto ayi. Chikauma, chikulungidwe m'pepala la khaki kapena m'envulopu yakeyake, mumate, musaine modutsa pomatapo, mulembe nambala, tsiku, malo ndi dzina la wotola. Aliyense wolandira asaine m'kaundula wa maekizibiti, katundu wosungidwa ngati umboni. Musachape kanthu ofufuza asanamalize nako.

Foni

Foni ndiyo imafulumizitsa kwambiri, ndiyonso imawonongedwa kwambiri. Ikapezeka yozima, isayatsidwe ndipo isaikidwe pa chaja. Foni yonyowa ikalandira magetsi imapsa m'kati, ndipo zomwe katswiri akanatulutsa zimapita. Ngati batire imachoka, ichotseni. Ikapezeka yoyaka, jambulani zimene zili pagalasi, kuphatikizapo manambala a anthu amene anaimba osayankhidwa, kenako muichotse pa netiweki kapena muikulunge m'pepala la aluminiyamu katatu, kuti wina asafufute zinthu ali kutali.

Ngakhale foni itafa, pali manambala awiri amene safa. Yoyamba ndi IMEI, nambala yozindikiritsa foni yeniyeniyo, ya manambala 15, imene m'mafoni ang'onoang'ono a mabatani monga Itel imakhala pa kapepala pansi pa batire, ndipo m'mafoni ena imalembedwa kumbuyo kapena pa kathireyi ka SIM. Foni ya ma SIM awiri imakhala ndi ma IMEI awiri, lembani onse. Yachiwiri ili pa SIM khadi penipeni, ya manambala 19 kapena 20. Ikalembedwa yonse imayamba ndi 89, kenako nambala ya dziko: 265 ndi Malawi, 260 Zambia, 258 Mozambique, 255 Tanzania. Pa thupi lopezeka cha kumalire a paki, manambala atatu amenewa akhoza kukuuzani tsiku lomwelo kuti uthenga upitenso kwa apolisi a ku Zambia.

Kuyambira 2018 bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA linalamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, choncho apolisi akatenga chikalata cha khoti, Airtel kapena TNM akhoza kupereka dzina, manambala amene ankaimbidwa kawirikawiri, ndi tsiku lomaliza limene SIM inagwira ntchito. Dzinalo musalikhulupirire msanga. Ma SIM ochuluka analembetsedwa pa chiphaso cha mbale, cha bwana wa pa esiteti kapena cha wogulitsa. Manambala atatu oimbidwa kawirikawiri ndi othandiza kuposa dzina. Ngati SIM ikufunsa PIN, musayese kulota: mukalakwitsa katatu imatseka, ndipo PUK, nambala yotsegulira SIM yotsekeka, ikalakwika kakhumi SIM imafa. Memori khadi ichotsedwe n'kuikidwa m'envulopu yake, chifukwa imapirira madzi kuposa foni, ndipo zithunzi za ukwati, za sukulu ya ana kapena za chikwangwani cha tchalitchi zimaloza mudzi.

Mapepala

Chiphaso cha unzika chikapezeka, ntchito sinathe, yangoyamba kuphweka. Nthambi ya kalembera ya NRB, pa kalembera amene anayamba m'dziko lonse mu 2017, inatenga chithunzi ndi zidindo za zala za anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo. Ndiye ngati zala za malemu zikadali ndi khungu, zidindo zitengedwe msanga, kuti ziyerekezedwe ndi za mwini chiphaso. Onaninso ngati msinkhu ndi zaka za pa chiphaso zikugwirizana ndi zimene dokotala wapeza.

Buku la kuchipatala lili ndi dzina, mudzi, mfumu ndi zidindo za zipatala, komanso limanena za matenda akale, opaleshoni kapena fupa lothyoka, zomwe dokotala akhoza kuzifufuza pa thupi. Botolo la mankhwala otalikitsa moyo nthawi zina limalembedwa nambala ya wodwala kapena tsiku lobwerera, ndipo chipatala chimadziwa amene sanabwere kudzatenga. Nkhani imeneyi ipite kwa mkulu wa chipatala mwachinsinsi. Siyolengeza pa wailesi, ndipo siyouza abale pagulu.

Kuno ku Kasungu musapeputse mapepala a fodya. Tikiti ya belo, pepala la malonda la ku okushoni ya Chinkhoma, kapena chilichonse chokhala ndi nambala ya mlimi, chimakufikitsani kwa mwini laisensi kudzera ku Tobacco Commission, bungwe loyang'anira ulimi ndi malonda a fodya. Mwini laisensiyo kawirikawiri si malemu, koma ndi amene angadziwe tenanti kapena waganyu amene anasowa. Kabuku ka ngongole za chimanga ndi sopo kamene tenanti amasunga kamathandiza chimodzimodzi.

Malisiti a makina a m'masitolo ndi m'mabanki amalembedwa ndi kutentha, osati inki. Amafufutika okha, ndipo akayandikira moto kapena simbi amada bii. Ajambuleni nthawi yomweyo. Pepala lonyowa lopindidwa musalitambasule ndi zala, limanyenyeka. Liikeni pakati pa mapepala oyera, liume pang'onopang'ono pamthunzi, mulitsegule likadali ndi kachinyezi pang'ono. Zolemba zozilala zimaoneka bwino mukaunika ndi tochi chammbali m'chipinda cha mdima, chifukwa bolopeni imasiya ngalande pa pepala ngakhale inki itachoka.

Zovala, mikanda ndi makiyi

Msampha waukulu ndi kaunjika. Juzi yolembedwa dzina la sukulu ya ku Canada, kapena shati yosokereredwa dzina la mwana wa ku Ulaya pa kolala, sikunena kanthu za malemu. Chimodzimodzi malaya a chipani ndi a mabungwe, omwe amagawidwa ambirimbiri n'kupatsana. Chimene chimasiyanitsa chovala ndi zinzake zonse ndi chimene chinachitika chitagulidwa: chigamba cha pa bondo ndi ulusi wake, batani limodzi losiyana ndi anzake, zipi yosinthidwa, miyendo yopindidwa ndi telala, bowo lowonjezera pa lamba loboola ndi msomali, patapata womangidwa ndi waya, nsapato yomatidwa tayala. Mayi amene anasoka chigamba ndi manja ake sachiiwala. Jambulani zimenezi pafupi kwambiri. Bowo la lamba limene latha kwambiri limakupatsani kukula kwa chiuno cha mwini wake thupi lisanatupe kapena lisanathe, ndipo chidendene cha nsapato imodzi chikatha kwambiri kuposa chinzake, funsani za munthu woyenda motsimphina.

Kolona, mendulo, tasibihi, yunifolomu ya Mvano kapena chitenje cha mpingo zimakuuzani atsogoleri oti muwafunse. Mikanda ya m'chiuno ndi umboni wamphamvu chifukwa amaidziwa ndi anthu ochepa. Iwerengeni zingwe zake, mulembe mitundu motsatana mmene yatungidwira, ndipo kufunsa kwake kuchitike ndi wapolisi wamkazi, kwa mwamuna wake, mchemwali kapena anankungwi, paseri. Chithumwa kapena njirisi musataye kapena kuopa kulemba, nsalu ndi ulusi wake wina akuzidziwa.

Kiyi ali ndi ubwino umene zinthu zina zilibe: amayesedwa. Banja likabwera, tengani kiyi mukayese pa loko wa nyumba kapena sutikesi ya wosowayo pamaso pa mboni. Maloko otchipa ena amatsegukirana, choncho makiyi awiri kapena atatu a pa mphete imodzi akatsegula maloko osiyana a nyumba imodzi, ndiye kuti mwapeza chogwirika. Njinga yakapalasa ili ndi nambala pa feremu, kawirikawiri pansi pomwe pamadutsa mapedulo. Yamoto ili ndi nambala ya chasisi ndi ya injini, ndipo ngakhale isanalembetsedwe, apampando a masiteji a kabaza amadziwa mnzawo amene sakuoneka.

Katundu amathandizanso pa nthawi. Pepala la K5,000 linayamba kugwira ntchito mu 2022, ndiye mafupa opezeka nalo si a munthu womwalira chisanafike chaka chimenecho. Tsiku la pa lisiti, chaka cholembedwa pa chitenje cha chikondwerero, ndi tsiku lopangidwira pa paketi ya mankhwala, zimagwira ntchito yomweyo: zimanena kuti imfa sinachitike tsikulo lisanafike, koma sizinena kuti inachitika liti pambuyo pake. Majuzi awiri ovalidwa pamodzi amaloza ku Juni ndi Julayi. Nsalu ya thonje ndi mapepala zimadyedwa ndi chiswe m'miyezi yochepa, pamene nayiloni, lasitiki, zipi ndi ulusi wa makina zimakhala zaka, moti mukhoza kupeza misoko yokhayokha ya thalauzi nsalu itatha. Zimenezi si umboni woti munthuyo anavulidwa. Moto wa tchire nawo umasungunula nayiloni pa mafupa patapita nthawi imfa itachitika, ndiye musafulumire kunena kuti anawotchedwa, lembani ngati tchirelo linapsa chaka chino.

Abale akabwera

Apa ndi pamene ntchito yabwino yonse ikhoza kutayika m'mphindi imodzi. Musayambe ndi kuonetsa. Munthu amene wafunafuna mwana wake mwezi wathunthu akhoza kuvomera shati iliyonse, wina akhoza kukana shati yeniyeni chifukwa mtima sukufuna, ndipo alipo amene angavomere chifukwa cha njinga kapena ndalama. Funsani kaye, mulembe, asaine, kenako muonetse. Interpol imagwiritsa fomu yachikasu pa zimene abale anena ndi yapinki pa zimene zapezeka pa thupi. Ngakhale mulibe mafomuwo, mapepala awiriwo akhale osiyana, ndipo ngati n'kotheka olemba akhalenso osiyana.

Funso likhale lotseguka. Osati "Anali ndi lamba wakuda?" koma "Amayi, tsiku limene bambo ankachoka pakhomo anavala chiyani? Tayambirani kumutu mpaka kumapazi. Pa zovala zimenezo pali chimene munasokapo? M'matumba ankakonda kuyenda ndi chiyani?" Afunseni mmodzimmodzi, kuyambira amene anachapa zovala ndi amene anamuona komaliza, chifukwa pagulu onse amatsata mawu a mwinimbumba. Pemphani chithunzi cha wosowayo atavala chovalacho, chitenje chotsala cha nsalu yomweyo, kapena katoni ya foni yokhala ndi IMEI. Poonetsa, yambani ndi zithunzi za katundu, osati thupi.

Polengeza pa wailesi kapena kudzera kwa mafumu ndi m'mipingo, tchulani zinthu zazikulu koma musunge ziwiri kapena zitatu, monga mtundu wa ulusi wa chigamba ndi chiwerengero cha makiyi. Wobwera akazitchula yekha, mawu ake ali ndi kulemera. Chithunzi cha thupi chisayende pa WhatsApp, chithunzi cha nsapato kapena chitenje chikukwanira.

Zikagwirizana, pitirizani ku umboni wa gulu loyamba: zidindo za zala, mano, kapena DNA ya mayi, bambo kapena ana ake, komanso mswachi, chipeso kapena lezala limene ankagwiritsa yekha. Kusagwirizana kumodzi kosafotokozeka, monga chiphaso cha munthu wa zaka 60 pa mafupa a mnyamata, kumaposa kugwirizana kwa zovala zisanu. Zonse zilembedwe mu lipoti lopita kwa majisitireti, amene amaunika imfa zotere pansi pa lamulo la Inquests Act.

Nthawi zambiri thupi lowola kwambiri limaikidwa m'manda pafupi ndi pamene lapezeka wachipatala akangolipima, ndipo mwambo umakoka anthu kuti katundu atsagane ndi mwini wake, kapena atenthedwe chifukwa cha fungo. A mfumu afotokozeredwe mwaulemu kuti thupi lifundidwe nsalu ina, zake zitsale kupolisi. Musanakwirire, wachipatala achotse mano awiri akumbuyo osabowoka ndi kachidutswa ka fupa la ntchafu ka masentimita pafupifupi 5, zisungidwe ndi nambala ija. Nambala yomweyo ikhale pa thupi m'manda, pa chikhomo chachitsulo kapena cha simenti pamwamba, m'buku la a mfumu ndi m'kaundula wa polisi. Abale a tenanti amatha kuyamba kufunsa nyengo ya malonda a fodya itatha, miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo chichitikireni maliro, choncho maenvulopu asungidwe pa shelefu youma, kutali ndi khoma ndi pansi pamene chiswe chimadzera, ndipo aziwunikidwa kamodzi pa mwezi.